Msuzi si ndiwo!

Amayi ndi abambo, lero ndilankhula mosapsatira. Okwiya akwiye.

Nkhuku ikaphedwa pakhomo, ntchafu, chiwindi ndi nthutumba zimalunjika m'mbale ya bambo. Mwana wa chaka chimodzi amangopatsidwa nsima yoviika mu msuzi, ati alibe mano. Tikakuuzani kusikelo kuti mwana sakukwera, mumayamba kuloza zala agogo a kuseri kwa nyumba. Asiyeni agogowo. Vuto lili pa kagawidwe ka ndiwo.

Msuzi ndi madzi, mchere ndi timafuta. Zokulitsa thupi ndi zowonjezera magazi zimatsalira mu nyama imene mwam'mana ija. Bambo anakula kale. Amene akukula ndi mwanayu, ndipo kamimba kake n'kakang'ono, si kodzaza ndi madzi. Kafukufuku wa 2015-16 anapeza kuti m'Malawi muno ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Mwana akapinimbira asanakwane zaka ziwiri, n'kovuta kubwezeretsa. M'mera m'poyamba.

Ena muti ndi ulemu kwa mwini khomo. Ulemu wanji wodwalitsa mwana wake yemwe?

Za mano zisakhale chonamizira, mtondo ulipo. Mwana akakwana miyezi 6, sinjani usipa, nyenyani chiwindi chopsa bwino kapena dzira lowiritsa, thirani nsinjiro m'phala la mgaiwa, uku mukuyamwitsabe. Akhale ndi kambale kakekake, ndipo muyambe kugawira iye.

Abambo, mbale ikakufikirani madzulo ano, funsani kaye: "Mwana wadya chiyani?"