Galaja yaing'ono isakuletseni kumanga kalavani

Mnzanga wina atalowa m'galaja yanga ku Area 25 mwezi wathawu, anayang'ana chimene ndikumanga n'kuphulika kuseka. "Aise, ndi bokosi la maliro la anthu awiri limeneli?" Ndinaseka nawo, koma pansi pa mtima zinandiwawa. Chimene ankasekacho ndi kalavani yaing'ono yogonamo, yokoka ndi galimoto, imene ndakhala ndikumanga Loweruka lililonse kwa miyezi 7 tsopano.

Mwina munaziona pa YouTube kapena TikTok. Munthu ali m'shedi yaikulu ngati holo ya tchalitchi, makina ali mbwee, pakutha pa mphindi khumi kalavani yatha. Ukaonera umangoti izi si za ife. Apa ndiye ndikutsutsa.

Timakalavani timeneti, timene ku America amati teardrop chifukwa cha maonekedwe ake ngati dontho la msozi, tinatchuka m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940. Ankamanga ndi anthu wamba kunyumba kwawo, potsatira mapulani a m'magazini. Muyeso wake wodziwika ndi mafiti 4 m'lifupi ndi 8 m'litali, ndipo chifukwa chake n'chosavuta: umenewo ndi muyeso wa plywood mmodzi, mamita 1.22 ndi 2.44. Plywood yemweyo amene ali mu hardware ya kwanuko. Chinthuchi chinabadwira m'malo opanikiza, ndiye wina asakunamizeni kuti mpaka mukhale ndi shedi.

Galaja yanga ndi ya nyumba ya lendi, ndipo kumapeto kwake kunadzaza katundu wa alandilodi amene sindiloledwa kutaya. Malo otsalawo anandiphunzitsa kugwira ntchito mwadongosolo kuposa mmene ndikanachitira pabwalo lalikulu. Makoma awiri a m'mbali ndinawadula limodzi, nditawasanjikiza pansi, kuti afanane ndendende, kenako n'kuwatsamiritsa kukhoma. Felemu itangoikidwa matayala, inasanduka tebulo langa logwirirapo ntchito. M'mawa ndimaikankhira panja pa mthunzi, madzulo n'kuibweza. Kupenta ndi kupaka vanishi ndimachitira panja basi, chifukwa fungo lake m'chipinda chotseka limazunguza mutu. Magetsi akazima, ndimatenga sandpaper.

Koma ndisadzitame kwambiri. Poyeza malo ndinawerengera bokosi lokha, n'kuiwala chitsulo chakutsogolo chokolekera ku galimoto, chimene chimawonjezera kupitirira mita. Tsiku limene felemu inafika, chitseko cha galaja chinakana kutsekeka. Ndinagona momwemo masiku awiri kulondera zida zanga, udzudzu ukundidya, mpaka alandilodi atalola kuti ndisanje katundu wawo m'mwamba. Mayi a kunyumba mpaka lero akafuna kundiseka amangoti, "Bambo a tepi."

Tsopano pali pamene ndimasiyana ndi anyamata ena okonda za "panga wekha". Bokosi la matabwa mangani nokha, likapindika n'zanu. Koma felemu yachitsulo, axle, masipuling'i ndi chokolekera si malo ophunzirirapo kuwotcherera. Zimenezi zikathyoka pamsewu wotsetsereka wopita ku Salima, wovulala sakhala inu nokha. Amakhala wa kabaza amene ali kumbuyo kwanu, kapena mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Ine ndinalipira wowotcherera wodziwa ntchito yake, ndipo ndalama imeneyo ndi imene sindidandaula nayo ngakhale pang'ono.

Mavidiyo aja sakamba zambiri za kulemera. Ku Britain ndi ku South Africa, ngolo yopanda mabuleki akeake siloledwa kupitirira makilogalamu 750, ndipo ndi malire anzeru kuwatsatira kulikonse. Komanso katundu asachuluke kumbuyo kwa axle. Omanga ambiri amati pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera konse lizitsamira pa chokolekera. Kutsogolo kukapepuka, kalavani imayamba kuvina uku ndi uku mukathamanga, ndipo imatha kugwetsa ndi galimoto yomwe. Ine ndimayeza ndi sikelo ya kubafa, palibe zodabwitsa. Magetsi akumbuyo, ma indicator ndi kulembetsa ku Road Traffic, zimenezo musazengereze nazo ngati mukufuna mtendere panjira.

China chimene ndimauza aliyense: siyani potulukira mpweya, ndipo mbaula isalowe mkati ngakhale kuzizire bwanji. Utsi wa makala m'kabokosi kotseka umapha munthu ali m'tulo. Khitchini ya teardrop imakhala kumbuyo, yotsekulira panja.

Ena anena kuti m'nyengo ino ya mitengo yokwera, zimenezi n'zamanyado. Tenti ndi yotchipa, n'zoona, sindikana. Mafuta nawo galimoto ikamakoka imamwa ochuluka. Koma ndikawerenga ndalama zimene banja limalipira pogona masiku atatu m'mphepete mwa nyanja ku Senga Bay kapena ku Cape Maclear, ndimaona chifukwa chake ambiri a ife nyanja yathu timangoionera pa status ya anzathu. Ndipo sindinagule zonse tsiku limodzi. Mwezi uno plywood awiri, mwezi winawo mahinji ndi guluu, monga mmene anthu amamangira nyumba.

Chatsala ndi denga, mawindo awiri ndi matiresi. Apanso tepi inandichenjeza msanga ulendo uno: matiresi a double salowa m'lifupi mwa mamita 1.22, ndiye tigula a three-quarter. Mayi a kunyumba akuti tikapanikizana, wokagona m'galimoto ndine.