Za Pabanja: Kabati ya pa Kompyuta ndi Khoma la Kwathu

Aliyense amene adakhalapo pa boma la Mwanza amaudziwa mndandanda wa malole amene amaima pa chipata cholowera m'dziko muno kuchokera ku Zobue. Ena amanyamula feteleza, ena mafuta, ndipo ena amanyamula katundu wa abale athu amene akugwira ntchito ku South Africa. Pakati pa katunduyo masiku ano mumapezekanso matabwa oyera, osalala, odulidwa kale ndi kumangidwa m'mitolo. Amenewo ndi makabati a kukhitchini, amene mwana adawajambula pa foni kapena pa kompyuta ali ku Johannesburg, nawalipira, nawatumiza kuti amayi ake aleke kusunga mbale m'dengu. Mwezi uno tifuna tikambirane za luso limeneli, pakuti likhoza kukondweretsa banja, komanso likhoza kumwaza ndalama zimene munthu adazivutikira chaka chathunthu.

Tiyambe ndi nkhani ya banja lina la kuno kwathu. Mnyamata wa pabanjapo adawamangira amayi ake nyumba ya njerwa zootcha, ndipo isanathe adauza mng'ono wake kuti ayeze khoma la kukhitchini. Mng'onoyo adayeza, natumiza nambala: mamita 3. Mkuluyo adajambula makabati asanu, iliyonse ya mamilimita 600 m'lifupi, ndipo pa chithunzi adakwanira bwino lomwe kuchokera ngodya ina kufika ngodya inzake. Koma poyeza paja n'kuti amisiri asanapake pulasitala. Pamene makabati adafika, khoma lidali litachepa ndi masentimita 4, kotero kabati yachisanu idakana kulowa. Zenera nalo lidali lotsika, mwakuti thabwa la pamwamba pa makabati lidatchinga galasi. Mayiyo sadadandaule, poopa kukhumudwitsa mwana wawo. Kabati yotsalayo ili pakhonde mpaka lero, ndipo nkhuku zimaikiramo mazira.

Kodi pamenepa idalakwa ndi kompyuta? Iyayi. Kompyuta idachita zimene idauzidwa. Iyo siliona khoma, siwadziwa amayi, ndipo sidalowepo m'khitchini ya utsi wa nkhuni. Imadziwa zokhazo zimene munthu wailembera. Mukaipatsa nambala yolakwika, idzakubwezerani chithunzi chokongola cha chinthu cholakwika. Paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kwa makolo amene sadaionepo ntchitoyi, tifotokoze pang'ono. Pali mapulogalamu a pa kompyuta ojambulira nyumba ndi zam'kati mwake. Munthu amalemba kutalika kwa makoma, naikapo khomo ndi zenera, kenaka amasankha makabati n'kuwandandalika m'mbali mwa khoma. Akatero amatha kuchitembenuza chithunzicho, n'kumachiona ngati waimirira m'chipindamo. Pulogalamu yotchedwa SketchUp idatuluka mu 2000. Kampani ya Google idaigula mu 2006 ndipo idaigulitsa kwa kampani ya Trimble mu 2012. Ina yotchedwa Sweet Home 3D njaulere, ndipo mukaiika pa kompyuta imagwira ntchito popanda intaneti, chimene chili chothandiza kwa ife amene timawerengera ndalama za bandulo. Palinso mapulogalamu a masitolo, monga a IKEA, sitolo yaikulu ya mipando yochokera ku Sweden. Koma dziwani kuti pulogalamu ya sitolo imakuonetsani katundu wa sitolo yomweyo basi, ndipo IKEA ilibe sitolo m'Malawi muno. Kujambula ndi pulogalamu yotere kukhoza kukupatsani nzeru, koma miyeso yake njosiyana ndi ya matabwa amene mmisiri wa ku Mwanza adzawapeza.

Ubwino wa mapulogalamuwa ngwoonekeratu. Kulakwitsa pa chithunzi sikulira ndalama. Kulakwitsa pa thabwa kumalira thabwa lina. Banja lonse likhoza kuona khitchini isanapangidwe, n'kutsutsana mwamtendere msomali usanakhomedwe. Ndiponso mmisiri amalandira miyeso yolembedwa, m'malo mwa mawu akuti "mungopanga ngati ya anzathu aja". Tsono kuti ubwinowu tiupeze, pali zinthu zinayi zoyenera kuchita.

Choyamba, yezani khoma, ndipo muliyeze nyumba itatha: pulasitala atapakidwa, simenti kapena matailosi a pansi ataikidwa. Khoma lomangidwa ndi manja silikhala lowongoka ngati la pa chithunzi. Chifukwa chake yezani katatu, pansi, pakati ndi pamwamba, ndipo mutenge nambala yochepa pa zitatuzo. Pa nambalayo chotsanipo mamilimita 30 kapena 50, kuti patsale mpata umene mmisiri adzatseka ndi kathabwa. Yezaninso kuchokera pansi kufika m'munsi mwa zenera, malo a paipi ya madzi ndi a soketi ya magetsi, ndiponso mbali imene chitseko cha chipinda chimatsekukira. Pofuna kudziwa ngati ngodya ili sikweya, pimani mamilimita 600 pa khoma limodzi ndi 800 pa linzake kuchokera pangodyapo; mtunda wa pakati pa zizindikiro ziwirizo uyenera kukhala mamilimita 1,000. Ukapitirira kapena kuperewera, makabati a pangodya adzafuna kusemedwa. Chenjeraninso ndi tepi yoyezera, pakuti ili ndi mainchesi mbali ina ndi masentimita mbali inzake. Amisiri athu ambiri amalankhulabe za mainchesi ndi mafiti, pamene pulogalamu ikhoza kukhala pa mamilimita. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4. Gwirizanani muyeso umodzi, ndipo muulembe pambali pa nambala iliyonse.

Chachiwiri, funsani mwini khitchini. Apa ndi pamene achinyamata ambiri amaphonya, poganiza kuti awadzidzimutse amayi ndi mphatso. Makabati a pa kompyuta adalinganizidwira nyumba za maiko ena, kumene ufa umagulidwa wa kilogalamu imodzi kapena ziwiri. Kwathu kuno chimanga chimabwera m'thumba la makilogalamu 50, ufa umasungidwa m'ndowa, madzi amakhala m'zidebe za malita 20, ndipo pali mtondo, munsi, lichero, sefa ndi poto wamkulu wa pa zikondwerero. Zonsezi pulogalamu sizidziwa. Tengani tepi, muyeze ndowa ya ufa ndi poto wamkuluyo, kenaka mupange malo ake. Mashelefu ochuluka ang'onoang'ono amakongola pa chithunzi, koma ndowa siilowamo.

Funsaninso kumene amayi amaphikira. M'mabanja ambiri nsima imaphikidwa kunja, pa mafuwa kapena pa mbaula, ndipo khitchini ya m'nyumba njosungiramo ziwiya ndi kukonzeramo ndiwo. Ngati zili choncho, musataye ndalama pokonza malo a chitofu chimene kulibe. Ndipo musalinganize zoika mbaula pakati pa makabati m'chipinda chotseka. Kutentha kumawononga matabwa, koma choopsa koposa n'chakuti makala amatulutsa mpweya woipa, wosaoneka ndi wosanunkha, umene umapha anthu. Za msinkhu nazo n'zofunika. Mapulogalamu ambiri amaika thabwa logwirirapo ntchito pa mamilimita 900 kuchokera pansi, la mamilimita 600 kuchokera kukhoma. Imeneyo ndi miyeso ya munthu wa msinkhu wapakati. Imikani amayi pa tebulo, muone pamene manja awo akugwira ntchito msana usanapindike. Afunseninso atambasule dzanja m'mwamba, chifukwa shelefu imene sangaifike idzangokhala mudzi wa mphemvu.

Phunziro limeneli si lachilendo. Mu 1926 mayi wina wa ku Vienna, katswiri wojambula mapulani a nyumba dzina lake Margarete Schütte-Lihotzky, adalinganiza khitchini ya nyumba zatsopano za mumzinda wa Frankfurt ku Germany, ndipo zidapangidwa pafupifupi 10,000. Khitchini ya makabati okhomerera kukhoma imene tikuiona leroyi idachokera kumeneko. Mayiyu adawerengera mayendedwe a munthu wophika kuti asamatope ndi kuzungulira, ndipo mosungira ufa adapangira mtengo wa oak kuti tizilombo tisalowemo. Komabe ena mwa amayi amene adalowa m'nyumbazo adadandaula kuti chipindacho chidali chokwana munthu mmodzi yekha, kotero sankatha kuphika akuyang'anira ana. Ngati katswiri wotere adaphonya penapake, nanga ife? Kwathu kuno khitchini ndi malo amene mwana wamkazi ndi wamwamuna yemwe amaphunzirira ntchito pambali pa amayi. Siyani malo oti anthu awiri adutsane, pafupifupi mita imodzi kutsogolo kwa makabati.

Chachitatu, sankhani matabwa molingana ndi nyengo yathu. Matabwa oyera aja amatchedwa chipboard: ndi tizidutswa ta mitengo tomatidwa ndi guluu, tokutidwa ndi chikopa chosalala cha melamine. Ngokongola ndiponso osavuta kupukuta, koma madzi akalowa m'mphepete mwake amafufuma, ndipo sabwereranso. Kuyambira Novembala mpaka Epulo nyumba zathu zimagwira chinyezi, ndipo amayi amakolopa pansi tsiku ndi tsiku. Motero makabati otere aziima pa miyendo ya mamilimita 100 kapena 150, ndipo m'mphepete monse muzikhala momatidwa, makamaka pafupi ndi sinki. Pali matabwa ena opirira chinyezi kuposa amenewa, monga plywood ndi blockboard, amene amapangidwanso m'dziko muno ndi kampani ya Raiply ku Chikangawa. Paini ngwotsika mtengo, koma afunika wouma bwino ndi wothiridwa mankhwala a chiswe. Wauwisi amapindika, zitseko n'kuleka kutsekeka. Mlombwa ndi mbawa n'zolimba, koma mitengo imeneyi yachepa kwambiri m'nkhalango zathu, ndipo munthu woopa malamulo ayenera kufunsa kumene thabwa lachokera.

Kukula kwa bolodi nakonso kumasintha masamu. Plywood ndi blockboard zimabwera za mamilimita 2,440 m'litali ndi 1,220 m'lifupi, zimene amisiri amati mafiti 8 kwa 4. Chipboard ya ku South Africa kawirikawiri imakhala ya 2,750 kwa 1,830, yochindikala mamilimita 16. Mbali ya kabati ya mamilimita 720 kwa 560 imatuluka kasanu ndi kamodzi pa bolodi yoyambayo, koma kakhumi ndi kamodzi pa yachiwiriyo. Sowo nayo imadya pafupifupi mamilimita 3 paliponse pamene yadutsa. Choncho uzani pulogalamu kukula ndi kuchindikala kwa bolodi imene mudzaguladi, kuti mndandanda wa zidutswa zodula ukhale woona.

Chachinayi, pitani nacho chithunzicho kwa kalipentala musanalipire kanthu. Mutu umodzi susenza denga. Mmisiri adzaona zimene inu simudaone: kuti dirowa ya pangodya idzagunda chogwirira cha inzake, kuti khoma la njerwa zosaotcha silinganyamule kabati yodzaza mbale, kapena kuti mahinjesi amene mwasankha sapezeka ku Mwanza ngakhale ku Limbe akathyoka. Mvereni, ndipo mumlipire pa nthawi yake. Mukagwirizana, zilembeni: miyeso, mtundu wa matabwa, chiwerengero cha zitseko ndi madirowa, mtengo, tsiku lomaliza, ndi amene adzakhomerere makabatiwo. Lipirani mwa magawo, gawo lomaliza ntchito itatha. Lembaninso kuti mtengowo ukhala kwa masiku angati, pakuti tonse tikukumbukira kuti mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya katundu wochokera kunja n'kukwera nthawi yomweyo.

Kwa amene afuna kuitanitsa kuchokera ku South Africa, werengerani ulendo wonse. Katunduyo adzadutsa pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, n'kuwoloka Zambezi pa Tete asanafike pa Zobue ndi Mwanza, mtunda woposa makilomita 1,500. Pa mtengo wa matabwa onjezani wa lole ndi msonkho wa pa chipata umene bungwe la MRA limatolera. Ndipo kumbukirani kuti chitseko chimodzi chikabenthuka pa njira, kapena chidutswa chimodzi chikaperewera, sitolo ili kutali. Nthawi zambiri n'kwanzeru kutumiza chithunzi ndi ndalama, n'kupatsa ntchito mmisiri wa kwathu, amene adzabwera ndi tepi yake, ndipo mudzampeza mosavuta chitseko chikadzalendewera.

Tsono inu achinyamata, luso lanu la pa foni ndi pa kompyuta ndi mphatso yaikulu pa banja, ndipo ena mwa inu mukhoza kupeza nalo ntchito pojambulira amisiri. Koma musachite nokha. Khalani pansi ndi amayi, muwaonetse chithunzi, muwafunse kumene amaika ufa, ndipo mudikire yankho. Safunsa adadya phula. Inunso makolo, musamangoti "zili bwino, mwanangu" pamene mukuona kuti shelefu yatalika. Kunena zoona chithunzi chikadali pa foni n'kumuthandiza mwanayo kusunga ndalama zake. Musanaitanitse kanthu, jambulani makabatiwo pansi ndi pakhoma ndi choko kapena khala, amayi ayendemo masiku awiri atanyamula ndowa ndi mapoto awo. Pamene pawavuta fufutani, mukonzenso pa kompyuta, ndipo mukatero muitane mmisiri.