Batire likafa, kodi tizitaya makina onse?

Pali kachipangizo kena kamene eni galimoto ambiri, makamaka aja oyenda maulendo a geni ku Joni, ku Beira ndi ku Dar es Salaam, amakamata pagalasi lakutsogolo kuti kaziwalozera njira. Ambiri timangokatchula kuti GPS, ena amati Garmin, ena TomTom, potengera maina a makampani amene amakapanga. Kakagwira ntchito zaka zingapo kamayamba matenda. Ukangozula nthambo yake kamazima pomwepo, ukaliza galimoto kamazima n'kuyambiranso, wotchi yake imanama, ndipo kamatha mphindi zambirimbiri kakufunafuna pamene kali. Mwini wake amapukusa mutu n'kunena kuti basi kafa aka, n'kukaponya m'kabati kapena kudzala.

Ine lero ndikuti ayi. Nthawi zambiri chimene chafa ndi batire laling'ono la m'kati mwake, lochepa ngati kabokosi ka machesi. Makina ena onse amakhala ali bwinobwino. Mu November 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo katundu aliyense wochokera kunja anakwera mtengo. Nanga ife ndi anthu oti tizitaya chipangizo chathunthu chifukwa cha kabatire?

Tiyambe ndi kumvetsa mmene kamagwirira ntchito, poti munthu sungaweruze mlandu umene sunaumve. GPS ndi ya boma la America. Asilikali a dzikolo anaponya setilaiti yoyamba mu 1978, ndipo pofika 1995 ntchito inali itakwanira ndi masetilaiti 24. Masetilaitiwa ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 kuchokera pansi pano, ndipo iliyonse imazungulira dziko kawiri patsiku, uku ikulengeza mosalekeza nthawi ndi malo pamene ili. Kachipangizo ka m'galimoto kamangomvetsera. Kakamva masetilaiti anayi kapena kuposa apo, kamawerengera nthawi imene uthenga wa iliyonse watenga kuti ufike, n'kudziwa kuti galimoto ili pa Zalewa kapena pa Chingeni. Mu May 2000 Pulezidenti Bill Clinton analamula kuti asilikali aleke kusokoneza dala uthenga wopita kwa anthu wamba, ndipo tizipangizo timeneti tinayamba kuchuluka. Kampani ya TomTom ya ku Amsterdam inatulutsa TomTom GO mu 2004, ndipo Garmin ya ku America inatulutsa nüvi mu 2005. Uthenga wa masetilaiti ndi waulere. Sulira bandulo, sulira mayunitsi.

Tsono wina afunsa kuti, poti kachipangizoka kamatenga moto ku galimoto, batire la m'kati n'lachiyani? Ntchito zake zilipo. Poliza injini, galimoto zambiri zimadula kaye moto wopita ku soketi ija yoyatsira fodya, ndiye batire la m'kati ndi limene limagwiriziza kuti makina asazime. Komanso limathandiza kuti wotchi iziyendabe pamene galimoto yaima. Kachipangizo kodziwa nthawi kamadziwanso masetilaiti oyenera kuwafunafuna kumwambako, choncho kamapeza malo msanga. Koma kakaiwala nthawi kamayambira pachiyambi ngati mlendo, ndipo uthenga wa setilaiti umabwera pang'onopang'ono kwambiri, moti ndandanda yonse ya masetilaiti imatenga mphindi 12 ndi theka kuti ithe. Ndiye mukaona GPS yanu ikungoti ikufunafuna inu mutafika kale pa Kameza, musafulumire kuitukwana. Mwina vuto ndi batire.

Mabatire amenewa ndi a mtundu wa lithium, ofanana ndi a m'mafoni, a mphamvu ya mavoti 3.7. Ngakhale uwasamale bwanji amakalamba ndithu. Akatchajidwa ndi kutha maulendo 300 mpaka 500 mphamvu yake imayamba kuchepa. Koma mdani wake wamkulu ndi kutentha. Taganizirani galimoto yotseka mawindo itaima padzuwa la October ku Nchalo kapena ku Salima. Pansi pa galasi lakutsogolo pamatha kutentha kupitirira madigiri 60, ndipo pamalo pomwepo ndi pamene kachipangizo kathu kamakhala tsiku lonse. Batire lotere limafa msanga, ndipo lina limatupa mpaka kukankha sikirini.

Apa ndi pamene pali nkhani yanga. Opanga makinawa amadziwa bwino lomwe kuti batire lidzafa makina akadali amoyo. Nanga n'chifukwa chiyani ambiri amalitsekera m'kati, kulimata ndi guluu, n'kumanga chikuto ndi tizisikuluu tachilendo, kenako n'kulemba m'buku la malangizo kuti mwini asayerekeze kulichotsa? Iwo amati akuteteza anthu ku ngozi ya moto, ndiponso kuti makina otsekedwa amakhala opyapyala ndi osalowa fumbi. Mfundo ya moto ndi yoona, sindikutsutsa. Komatu mafoni athu akale aja tinkangotsegula kumbuyo ndi chala, kuchotsa batire la lithium lomwelo n'kuika lina, popanda nyumba kupsa. Tochi timasintha mabatire. Wailesi timasintha mabatire. Khasu likathyoka mpini timakwika wina, sitikagula khasu latsopano. Kutsekera batire m'kati ndi chisankho cha wopanga, ndipo amene amapindula nacho ndi wogulitsa makina atsopano.

Si ine ndekha amene ndikuona choncho. Mu 2023 maiko a m'bungwe la European Union anakhazikitsa lamulo latsopano la mabatire. Lamuloli likuti kuyambira pa 18 February 2027, zipangizo zambiri zonyamula m'manja zogulitsidwa kumeneko ziyenera kupangidwa mwanjira yoti mwini wake athe kuchotsa batire ndi kuika lina, pogwiritsa ntchito zida zopezeka pamsika. Likutinso wopanga azipezeketsa mabatire osinthira kwa zaka zosachepera zisanu kuchokera pamene wasiya kugulitsa mtundu umenewo wa chipangizo. Tamvani bwino: amene achita zimenezi ndi anthu olemera, oti akhoza kugula GPS yatsopano mawa m'mawa osamva kuwawa. Ngati iwo atopa ndi kutaya, kuli bwanji ife amene timalandira makina omwewo ali kale a kaunjika, batire litadya kale theka la moyo wake?

Tsono pamene tikudikira kuti lamulo la eni akelo litifikire kudzera m'katundu amene timagula, makina amene tili nawo kale tingawatsitsimutse. Ntchito yake si yovuta monga mmene amatiopsezera, koma imafuna kudekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Choyamba zimitsani kachipangizo ndi kuzula nthambo. Tizisikuluu take nthawi zambiri timakhala ta mutu wa nyenyezi, tija amati Torx, ndipo tina timabisika pansi pa kapepala kapena karabala. Mukamasula, tsegulani chikuto ndi kapulasitiki kopyapyala monga khadi lakale la ku banki. Mpeni ayi. Tsegulani pang'onopang'ono, chifukwa sikirini imalumikizidwa ku makina ndi kalamba kopyapyala ngati pepala, ndipo kakang'ambika ntchito yonse yathera pomwepo. Batire mudzalipeza litamatidwa, lili ndi tiwaya tiwiri kapena titatu tolowa m'kapulagi kakang'ono. Zulani kapulagiko pogwira pulasitiki yake, osakoka mawaya. Kenako kanganulani batire mosalipinda ndiponso mosaliboola.

Pogula latsopano musangoti bola likulowa. Werengani zolembedwa pa lakalelo: nambala yake, mavoti ake, ndi kuchuluka kwa mphamvu kumene amalemba ndi zilembo za mAh. Onani kuti kapulagi n'kofanana, ndiponso kuti waya wofiira ndi wakuda ali mbali zomwezo monga pa lakale, chifukwa mabatire ena osinthira amabwera mawaya atasemphana, ndipo kulumikiza chosemphanitsa kukhoza kuwotcha makina. Ngati lakale lili ndi mawaya atatu, latsopano likhalenso ndi atatu. Waya wachitatuyo kawirikawiri ndi wouza makina mmene batire latenthera, kuti aleke kutchaja likatentha kwambiri. Mukamaliza, yatsani musanatseke chikuto kuti muone ngati zonse zili bwino, litchajeni mpaka lidzaze, kenako kaikeni kachipangizo panja poyera kwa mphindi 15 kapena 20 kuti kapezenso masetilaiti. Amene manja ake amanjenjemera, kapena amene sanamvetse, apite kwa wokonza mafoni. Safunsa anadya phula.

Ndichenjeze pano kuti ndikunena za tizipangizo tomata pagalasi. Makina aja obwera atamangiriridwa kale m'galimoto zochokera ku Japan ndi nkhani ina. Amenewo amadalira batire lalikulu la galimoto, mapu ake ndi a ku Japan, ndipo ena mukachotsa batire la galimoto amadzitseka n'kuyamba kufunsa nambala yachinsinsi kapena khadi la mapu. Funsani za zimenezi pogula galimoto, makanika asanazule batire.

Ndikudziwa kuti ophunzira athu a ku Poly ndi ku Chanco aseka. Ati, akulu inu, nanga masiku ano ndani akufuna Garmin, poti foni ili ndi Google Maps? Mfundo yawo ndi yomveka. Kwa munthu woyenda m'tauni muno foni ndi yokwanira, ndipo mapu ake ukhoza kuwasunga m'foni momwemo kuti uziwaona popanda netiweki. Sindikuuza munthu kuti akagule GPS yatsopano. Ndikunena za amene ali nayo kale. Dalaivala wa thiraki amene wadutsa pa Mwanza kulowa ku Tete, kapena mayi wa geni amene akufunafuna malo oodera katundu mu Johannesburg, foni yake ndi ofesi yake: ndi yoimbira makasitomala, ndi yolandirira ndalama, ndi imene angaimbire akagwa m'mavuto. Kuiika padzuwa maola khumi ikulozera njira ndi kupha batire lake, limenenso masiku ano ndi lomata. Kachipangizo kapadera kamasunga mapu m'kati mwake, ndipo kamapulumutsa foni. Ngati mapu ake akalamba, ambiri a Garmin amalola kulowetsamo mapu aulere a OpenStreetMap, ntchito imene inayamba ku Britain mu 2004 ndipo anthu odzipereka amaiwonjezera tsiku ndi tsiku, kapena mapu ogula a Tracks4Africa a ku South Africa, odziwa ngakhale misewu yafumbi ya kuno kwathu.

Komanso nkhaniyi ikupitirira pa GPS. Batire lomata lomweli lili m'foni, m'laputopu, m'tochi yotchaja, m'kasipika kamene mavenda amaitanira nako malonda. Anyamata okonza mafoni amene akhala m'timabenchi mu msika wa Limbe, mu msika wa Lilongwe ndi ku Mzuzu ndiwo akutipulumutsa ku zotayataya zimenezi. Ambiri anaphunzira poonera anzawo, ndipo luso ali nalo. Chimene akusowa ndi maphunziro a chitetezo pa mabatire a lithium ndi chiphaso choti kasitomala aziwakhulupirira. A TEVETA, amene ntchito yawo ndi kuphunzitsa luso la manja, aiganizire ntchito imeneyi mofanana ndi ukalipentala kapena kuwotcherera. Nawo a Malawi Bureau of Standards ayang'anitsitse mabatire osinthira amene akulowa m'dziko muno. Batire lolembedwa mphamvu yabodza, kapena lopanda kadera koteteza ku kutchaja kopitirira muyeso, ndi limene limaipitsa mbiri ya kukonza, munthu n'kumati bola kugula chatsopano.

Nanga batire lakufalo lipite kuti? Apa tonse tiyenera kusamala. Zinyalala zathu zambiri timaziwotcha kuseri kwa nyumba, ndipo batire la lithium likalowa pamoto limaphulika ndi kutulutsa utsi woipa. Lotupa musaliboole, musalisiye pamene ana angalitole. Matani tepi kumapeto kwa mawaya ake, liikeni m'chitini cha mchenga, pamthunzi, kutali ndi zinthu zoyaka. Lipoti la mabungwe a United Nations linapeza kuti mu 2022 dziko lonse lapansi linataya matani 62 miliyoni a zipangizo zamagetsi, ndipo zimene zinatoleredwa ndi kukonzedwanso mwadongosolo sizinafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi. Chomvetsa chisoni n'chakuti miyala ya m'mabatirewa imachokera kwa anansi athu. Cobalt wambiri wa padziko lonse amakumbidwa ku Congo, ndipo Zimbabwe imakumba lithium ku Bikita. Amakumba ndi abale athu, amapanga ndi ena kutali, ife timagula modula, kenako n'kukawotcha kudzala. Makhonsolo a mizinda yathu aike malo odziwika, ngakhale mgolo umodzi pa msika uliwonse, kumene munthu angakasiye batire lakufa.

Choncho pempho langa lili patatu. Kwa eni galimoto: musasiye GPS pagalasi pamene galimoto yaima padzuwa, ichotseni muiike pamthunzi, ndipo ikayamba kuzimazima yambani mwayesa batire musanaiweruze. Kwa inu a geni amene mumaoda zipangizo ku Dubai, ku China ndi ku Joni: pooda makina funsani ngati batire lake limasinthika, ndipo oderaninso mabatire osinthira, chifukwa kasitomala amene mwamugulitsa lero adzabweranso pakatha zaka ziwiri akufuna batire. Kwa aphungu athu ndi mabungwe oteteza ogula monga CAMA: liwerengeni lamulo la ku Ulaya lija, muone chimene tingatengeko, kuti wogulitsa chipangizo m'dziko muno azikakamizidwa kunena poyera ngati batire lake limasinthika ndiponso kumene lingapezeke.

Chinthu chimene wagula ndi ndalama zako ndi chako, ndipo kuchitsegula ndi kuchikonza ndi ufulu wako. Amene ali ndi GPS yogona m'kabati aitulutse sabata ino, akaifunsire batire pamsika.