M'mera Mpoyamba: Za Mwana Wosacheuka Akaitanidwa

Pali miyambi iwiri yooneka ngati ikutsutsana. Wina umati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Unzake umati, "M'mera mpoyamba." Kodi kholo la mwana wa autism limvere uti?

Ndili mphunzitsi wamkulu, tidalandira mnyamata mu Sitandade 1 amene sankacheuka akaitanidwa. Belu likalira ankatseka makutu ndi manja, ndipo anzake akamasewera, iye ankandandalika timiyala payekha. Ife tidamutcha wamwano, pomwe kumudzi ankanong'ona kuti bambo wake adamukhwimira. Adasiya sukulu chaka chisanathe. Mpaka lero mtima umanditsutsa.

Pambuyo pake mayi wake adandiuza kuti adaona zachilendo mwanayo ali ndi zaka ziwiri, koma akuluakulu adati, "Dekhani, ana aamuna amachedwa kuyankhula." Apo mwambi wa nkhono udasocheretsa anthu.

Autism adailongosola Dokotala Leo Kanner ku Baltimore mu 1943, ataona ana 11. Ubongo wa mwana wotere umakula mosiyana ndi wa anzake. Mfiti, katemera ngakhale kaleredwe ka mayi zilibepo mlandu. Mankhwala oichotsa palibe, komabe mwana akathandizidwa msanga, ubongo ukadali wanthete, amaphunzira bwino kunena zofuna zake ndi kukhala pakati pa anthu.

Choncho mwana akakwanitsa chaka osacheuka pomva dzina lake, akafika miyezi 18 osaloza zinthu ndi chala, kapena zaka ziwiri osalumikiza mawu awiri, kafotokozeni ku sikelo. Pemphani kuti amuyeze makutu ndi kumutumiza kwa dokotala wa ana. Kunyumba khalani naye pamphasa, lowani m'sewero lake, nenani mawu afupiafupi monga "madzi" kapena "phala", kenako dikirani ayankhe, ngakhale ndi dzanja. Chakudya ndi tulo zikhale ndi nthawi yake yosasinthasintha. Posankha sukulu funsani ngati pali mphunzitsi wa ana ofunika chithandizo chapadera, monga amene amaphunzitsidwa ku Montfort, ku Nguludi.

Miyambi iwiriyi ndi yoona, koma uliwonse uli ndi nthawi yake. Woyamba ndi wa m'mera. Kudekha kumafunika ntchito itayambika, pakuti liwu limodzi lingatenge miyezi. Agogo anzanga, mayi akada nkhawa amayamba kufunsa ife. Tisamuuze kuti adikire. Timuperekeze ku sikelo.