Si mabwana, ndi matenanti a pa intaneti

Akonzi,

Nkhani yanu ija yakuti intaneti yasandutsa wachinyamata aliyense kukhala bwana wa bizinesi yake sindinagwirizane nayo ngakhale pang'ono. Mlembi wanu anangoona utoto wa kunja.

Google inagula YouTube mu 2006 pa madola 1.65 biliyoni. Inkagula chiyani? Mavidiyo ojambulidwa ndi anthu wamba, osalembedwa ntchito. Kuti munthu ayambe kugawiridwa ndalama za malonda pa mavidiyo aatali a pa YouTube, amafunika omutsatira 1,000, komanso anthu akhale ataonera mavidiyo ake kwa maola 4,000 m'miyezi 12. Akafika pamenepo, kampani imatengabe 45 pa 100 iliyonse. Asanafike, thukuta lake n'laulere.

Taonani mtsikana wojambula nthabwala ku Ndirande. Bandulo wagula yekha, foni yong'ambika galasi waitsamiritsa pa njerwa, ndipo vidiyo ya mphindi zitatu waikonza usiku wonse podikira kuti magetsi ayake. Anthu aseka, agawana pa WhatsApp, iye m'thumba mulibe kanthu. Mawa kampani ikasintha kaonetsedwe ka mavidiyo kapena kutseka tsamba lake, akadandaula kwa yani? Ameneyu ndi tenanti wa pa esiteti ya fodya: munda ndi wa mwini, sikelo ndi ya mwini, mtengo akuika ndi mwini.

Ena amapezadi kangachepe potsatsa malonda a mashopu, sindikukana. Koma mlembi wanu abwerere akawafunse achinyamatawa ndalama zimene amawononga pa bandulo mwezi uliwonse ndi zimene amalandira, kenako mutisindikizire manambalawo.

Wowerenga wanu,
Blantyre