Musamuseke Mwana Wofuna Kuphunzira Kulemba

Mwezi watha bambo wina anandipeza pakhonde la madrasa titangoswali Asr. Mwana wawo wamkazi, amene ndinamuphunzitsa kuyambira pa alif, wapeza malo ku yunivesite kuti akaphunzire zilankhulo ndi luso la kulemba. M'malo mokondwa, bambowo anandipempha kuti ndimulangize mwanayo asinthe maganizo. Anafunsa kuti munthu wokhoza MSCE akukaphunziranso kulemba kwa mtundu wanji. Ndinakana, ndipo lero ndikukana poyera, pakuti maganizo amenewa ali m'makomo ambiri a Asilamu.

Kudziwa zilembo n'kwina, kudziwa kulemba n'kwinanso. Ku yunivesite wophunzira amaphunzitsidwa kuimika mfundo imodzi, kuichirikiza ndi umboni, kutchula kumene umboniwo waupeza, kuyankha wotsutsa mwachilungamo, ndi kubwereza cholembedwacho kufikira mawu opanda ntchito atachokamo onse. Ife aphunzitsi a madrasa tinayenera kukhala oyamba kumvetsa zimenezi. Tinatha zaka pa nahw, sarf ndi balagha, ndipo palibe sheikh amene anatiuza kuti popeza tamaliza Qa'ida ndiye kuti Chiarabu tachidziwa. Abd al-Qahir al-Jurjani, zaka pafupifupi 950 zapitazo, analemba mabuku ofufuza chimene chimapatsa chiganizo mphamvu. Sura ya 68 ya Qur'an dzina lake ndi Al-Qalam, kutanthauza cholembera. Nanga kunyoza cholembera tinakuphunzira kuti?

M'nthawi ya atsamunda sukulu zinali m'manja mwa mamishoni, ndipo agogo athu anakaniza ana kupitako poopa kuti akawatayitsa chipembedzo. Mantha awo anali omveka, koma ngongole yake tikubwezabe. Buku lodziwika la mbiri ya Ayao, Chiikala cha Wayao, linatuluka mu 1919, ndipo mlembi wake, Yohanna Abdallah, anali wansembe wa mpingo wa Anglican. Sindikumudzudzula: anagwira ntchito imene inalibe woigwira. Koma papita zaka zoposa 100, ndipo mnyamata wofuna kuwerenga za Sheikh Abdallah Mkwanda kapena Sheikh Thabit Ngaunje amakazifuna m'mabuku a Chingerezi. M'Chichewa ndi m'Chiyao tawalembera chiyani? Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Makolo amafunsa kuti mwanayo adzadya chiyani, ndipo funsolo sindilipeputsa. Aphunzitsi, atolankhani, akonzi a mabuku, omasulira ndi olemba malipoti m'mabungwe onse amadya za cholembera. Komanso tiyang'ane m'nyumba mwathu momwe. Timabuku tina ta Hadith timamasuliridwa liwu ndi liwu kuchokera ku Chingerezi, mwakuti agogo a kumudzi akamva samatolapo kanthu. Makalata a makomiti ena a mizikiti opempha chithandizo amakanidwa chifukwa wowerenga sakuona chimene chikupemphedwa. Khutba ina imatha mphindi 40, anthu n'kutuluka osadziwa mutu wake. Madokotala ndi akatswiri owerengera chuma tikuwafuna ndithu, koma matenda amenewa sadzawachiza ndi iwo.

Tsono mabungwe athu opereka thandizo la fizi asamaike ophunzira otere kumapeto kwa mndandanda. Nanu makolo, amene munapirira zaka kuti mwana atchule bwino chilembo chilichonse cha Qur'an, pirirani zaka zina zinayi kuti aphunzire kufotokozera mtundu wake tanthauzo la zimene amawerengazo. Bambo aja sanandiyankhebe, koma mwana wawo ndamuuza kuti akonzeke ulendo.