Intaneti ikamakwawa, kodi ndi mitambo kapena pali dzanja la munthu?

ULONGWE: Amene analimapo mbatata ya kachewere kudimba nthawi ya chilimwe akuudziwa bwino mkangano wa madzi a m'ngalande. Munthu wa kumtunda akafuna kukuberani madzi sachita kutseka ngalande yonse ayi, poti akudziwa kuti mukaona pouma mubwera msangamsanga khasu lili paphewa kudzafunsa. Iye amangoikapo mwala ndi chibuma chimodzi kuti madzi azifikabe kwa inu koma mochita kudontha. Inu kumunsiko mumangoti kasupe waphwa kaamba ka dzuwa, osadziwa kuti wina wachita dala.

Zoterezi zimathekanso pa intaneti. Masiku ano m'makomo ambiri a pa Vila pano, ku Domue ngakhalenso m'midzi ya kumalire a Calomue muli lamya za m'manja zolowa pa intaneti, ndipo ena monga aphunzitsi, anamwino ndi eni magolosale ali ndi kabokosi kolowetsamo kakhadi ka lamya komwe kamagawira intaneti nyumba yonse. Munthu amagula mamega ake ndi ndalama yomwe waipeza movutikira, koma intaneti ikayamba kukwawa amangoti ndi mitambo, kapena mapiri atchinga antena, kapena lamya yakalamba. Kawirikawiri zimakhaladi choncho. Koma awerengi athu ayenera kudziwa kuti kampani yogulitsa intaneti ili ndi mphamvu yochedwetsa dala zinthu zina pamene zina zikuyenda bwinobwino, ndipo wogula sangaone ndi maso.

Chithunzi, nyimbo kapena uthenga ukamayenda pa intaneti sumayenda wathunthu. Makina amaudula m'timaphukusi ting'onoting'ono tambirimbiri, kalikonse kali ndi keyala ya komwe kachokera ndi komwe kakupita, ndipo timakalumikizananso tikafika. Timaphukusi tonseti timadutsa m'makina a kampani yomwe mwagulako mamega. Makinawo amatha kuzindikira kuti aka ndi ka WhatsApp, aka ndi ka kanema, aka ndi ka pulogalamu yogawirana zinthu, ngakhale asanawerenge zomwe zalembedwa mkati. Umboni wake uli m'manja mwanu momwemo. Kuno kwathu ndi ku Malawi komwe kumagulitsidwa mamega otsika mtengo ogwira pa WhatsApp ndi Facebook pokha. Kampani ikanakhala kuti siyitha kusiyanitsa timaphukusiti, ikanadziwa bwanji kuti mwachoka pa Facebook ndipo mwalowa kwina? Tsono makina omwe amatha kusiyanitsa pofuna kukutsitsirani mtengo ndi omwewonso angathe kusiyanitsa pofuna kukuchedwetsani.

Mlandu woyamba kutchuka pa nkhani imeneyi unachitika ku America ndipo unakhudza njira yogawirana zinthu pakati pa anthu wamba popanda nkhokwe yapakati. Nthawi zambiri tikamatenga chinthu pa intaneti, tonse timakatapa m'nkhokwe imodzi yaikulu ya kampani. Koma pali njira ina yofanana ndi mmene timagawirana mbewu ya kholowa: amene walandira kamtolo amabzala, nayenso n'kupatsako anzake, mpaka mudzi wonse kukhala nayo popanda wopita kusitolo. Anyamata athu amachita zangati zomwezi akamapatsana nyimbo pa Bluetooth kapena pa Xender atakhala pamodzi pamsika, kungoti apo sipadutsa kampani iliyonse. Pulogalamu yotchedwa BitTorrent, yomwe a Bram Cohen anaipanga m'chaka cha 2001, imachita zomwezo pakati pa anthu otalikirana, ndipo aliyense amene akulandira chinthu amakhalanso akutumiza zidutswa zake kwa ena. Tisabise, ambiri amagwiritsa ntchito njirayi potenga mafilimu ndi nyimbo za eni ake osalipira, zomwe zimasaukitsa oyimba. Komabe ndi njira yomweyonso imene anthu amagawirana mabuku akale ndi mapulogalamu aulere a kompyuta mosaphwanya lamulo lililonse.

M'chaka cha 2007 katswiri wina wa makompyuta, a Robb Topolski, anadabwa kuona kuti akulephera kugawira anzawo nyimbo zakalekale kudzera pa intaneti ya m'nyumba mwawo, yomwe ankagula ku kampani yaikulu ya Comcast. Atafufuza anapeza kuti makina a kampaniyo ankalowerera pakati n'kutumiza uthenga wabodza ku makompyuta onse awiri, uliwonse wooneka ngati wachokera kwa mnzake, wonena kuti kulumikizana kwatha. Zinali ngati mtumiki amene wapita kwa a malume anu kukanena kuti inu mwati asabwerenso, kenako n'kubwera kwa inu kudzanena kuti a malumewo ati musapitekonso. Mu Okutobala chaka chomwecho atolankhani a bungwe la Associated Press anayesa okha potumiza Baibulo la Chingerezi kudzera pa BitTorrent, ndipo anatsimikiza kuti nalonso linkatsekerezedwa panjira. Kampaniyo poyamba inakana kuti siitsekereza chilichonse, kenako inati imangochedwetsa pang'ono pofuna kuti ena onse asavutike.

Mfundo ya kampaniyi si yopanda pake ndipo tiyenera kuimvetsera. Waya kapena antena imodzi imatumikira anthu ambiri nthawi imodzi, monga mjigo umodzi umatumikira mudzi wonse. Pulogalamu yogawiranayi imatha kukoka ndi kutumiza zinthu usiku ndi usana osapuma, chimodzimodzi munthu woumba njerwa amene wafika pamjigo m'mamawa ndi migolo isanu pamene amayi ali pamzere ndi zidebe zawo. Palibe mudzi umene ungalole zimenezo popanda lamulo. Koma pali kusiyana pakati pa komiti ya mjigo imene yaitanitsa msonkhano n'kulengeza kuti nthawi ya m'mawa aliyense azitunga zidebe zitatu basi, ndi munthu wobisala pathengo amene akusuzumira m'chidebe cha aliyense n'kumasankha yekha kuti madzi ophikira mowa asadutse koma ochapira adutse. Woyambayo akugawa madzi mwachilungamo. Winayo wadzipatsa ufumu woweruza zochita za anthu m'nyumba zawo, pamene anthuwo analipira kale mtengo wathunthu.

Mu Ogasiti 2008 bungwe loyang'anira za mauthenga ku America, la FCC, linagamula kuti Comcast inalakwa ndipo isiye. Kampaniyo inasinthadi n'kuyamba kuchedwetsa kwa kanthawi munthu aliyense wokoka zambiri pa nthawi ya mpanipani, mosayang'ana kuti akukoka chiyani, komanso inalengeza poyera malire a magigabayiti 250 pa mwezi. Apa zinaoneka kuti njira yachilungamo inalipo kuyambira kale. Inavomeranso kupereka ndalama zofika 16 miliyoni za ku America pothetsa mlandu womwe ogula anaisumira. Koma nkhani siinathere pomwepo, chifukwa mu Epulo 2010 bwalo la milandu linati FCC inalibe mphamvu yolamula zimenezo. Chichokereni apo malamulo oletsa tsankho pa intaneti m'dzikolo akhala akuikidwa ndi kuchotsedwa malinga ndi chipani cholamula: anaikidwa mu 2015, anachotsedwa mu 2017, anabwezeretsedwa mu 2024, ndipo mu Januwale 2025 bwalo lina linawathetsanso. Maiko a mu mgwirizano wa ku Ulaya ndiwo anakhazikitsa lamulo lotere mu 2015, pamene ku Canada kuyambira mu 2009 makampani amalamulidwa kuuza ogula ngati akuchedwetsa mtundu wina wa zinthu.

Wina angafunse kuti za ku America zikutikhudza bwanji ife olima chimanga ndi soya kuno ku Angónia. Zikutikhudza chifukwa mphamvu yomweyi tinaiona ikugwira ntchito m'dziko muno m'chaka cha 2024, kawiri konse.

Koyamba kunali mu Meyi, pamene mitengo yatsopano yomwe bungwe la INCM, loyang'anira za lamya ndi mtokoma, linakhazikitsa inayamba kugwira ntchito ku makampani onse atatu a Tmcel, Vodacom ndi Movitel, ndipo mamega ndi mphindi zopanda malire zomwe anthu anazolowera zinathetsedwa. Bungwelo linati likuteteza msika kuti makampani asagwe kaamba kopikisana mitengo mopyola muyeso. Anthu, makamaka achinyamata, anachita zionetsero mumzinda wa Maputo, ndipo pasanathe nthawi yaitali boma linalamula kuti mitengoyo iimitsidwe. Chomwe tiyenera kuona apa n'chakuti kusinthako kunali koonekera. Aliyense anaona pa lamya yake kuti ndalama yomweyo ikugula zochepa, choncho anthu anadziwa pokadandaula ndipo anamvedwa.

Kachiwiri kunali pambuyo pa chisankho cha pa 9 Okutobala. Zotsatira zitalengezedwa pa 24 Okutobala ndipo zionetsero zitabuka, intaneti ya pa lamya za m'manja inadulidwa tsiku lotsatira, malinga ndi bungwe la NetBlocks lomwe limayeza zimenezi padziko lonse. Pa 31 Okutobala WhatsApp, Facebook ndi Instagram zinatsekerezedwa pamene zina zinkayenda, ndipo kumayambiriro kwa Novembala intaneti ya pa lamya inkazimitsidwa madzulo n'kubwerera m'mawa kwa masiku angapo. Nduna ya za mtengatenga ndi mtokoma ya nthawiyo, a Mateus Magala, inanena kuti intaneti idzabwerera mwakale zinthu zikakhala m'malo. Mabungwe atatu omwe si a boma, a CDD, CIP ndi CESC, anakasuma makampani atatu aja kubwalo la milandu la mumzinda wa Maputo, ndipo bwalolo linalamula kuti asatsekerezenso intaneti. Ku Zambia zofananazo zinachitika pa tsiku la chisankho cha mu Ogasiti 2021, ndipo kumenekonso linali bwalo la milandu lomwe linalamula kuti atsegule.

Sitikufuna kuweruza pano za ndale za masiku amenewo. Tikungoti zinaonetsa poyera kuti makina osankha choti chidutse ndi choti chisadutse alipo m'dziko muno ndipo amagwira ntchito. Mlimi amene amatumiza zithunzi za matumba a mbatata kwa wogula wa ku Tete kapena ku Beira pa WhatsApp, mayi amene amalankhula ndi mwana wake wa ku Joni, wophunzira amene amalandira ntchito ya kusukulu pa lamya, onsewa analibe mbali pa mkanganowo koma anakhudzidwa. Amene anagula mamega a tsiku limodzi anangoona nthawi yake ikutha asanawagwiritse ntchito. Ife a m'malire tili ndi kamwayi kakuti pamalo ena lamya imagwira TNM kapena Airtel ya ku Malawi, ndipo achinyamata ambiri anaphunzira kulambalala pogwiritsa ntchito VPN, yomwe imakulunga timaphukusi tija kuti makina asazindikire mtundu wake. Koma agogo a kumudzi sangazitsate zimenezo, ndipo si bwino kuti munthu azichita kuzemba ngati wakuba pofuna kulandira chinthu chomwe wagula ndi ndalama yake.

Pakati pa kudula ndi kuchedwetsa, choopsa kwambiri ndi kuchedwetsa. Intaneti ikadulidwa dziko lonse limadziwa tsiku lomwelo, mawailesi amalengeza, maloya amathamangira kubwalo. Ikachedwetsedwa pa chinthu chimodzi chokha palibe amene amalira, chifukwa aliyense amaganiza kuti vuto ndi lake yekha. Ku America, komwe kuli akatswiri ambirimbiri, zinatengera munthu mmodzi wodziwa makina komanso wamakani kuti chinyengo chija chiululike. Nanga kuno, komwe ambiri timangodziwa kukanda khadi ndi kulowetsa manambala?

N'chifukwa chake tikuona kuti chofunika kwambiri kwa wogula wa kumudzi ndi kuuzidwa zoona asanapereke ndalama. Malamulo oyendetsera dziko lino, pa gawo 92, amapatsa wogula ufulu wolandira katundu wabwino ndi wodziwitsidwa za chomwe akugula, ndipo lamulo loteteza ogula la m'chaka cha 2009 limanenanso chimodzimodzi. M'maiko ambiri mamega otchedwa opanda malire amakhala ndi mawu ang'onoang'ono pansi onena kuti ukafika pamlingo wakutiwakuti liwiro litsika. Ngati zilipo zotere, zilembedwe pachikwangwani cha wogulitsa kredito pamsika, m'Chipwitikizi ndi m'Chichewa momwe, ndipo zilengezedwe pa wailesi za m'madera. Ngati pali pulogalamu yomwe kampani imaichedwetsa pa maola ena, inene dzina lake ndi maola ake. Bungwe la INCM liziyeza liwiro la intaneti m'maboma a kutali ngati lathu lino, pulogalamu ndi pulogalamu, n'kulengeza zomwe lapeza kuti wogula azisankha kampani akudziwa.

Pakali pano pali kayeso kakang'ono komwe aliyense angachite. Chinthu china chikamakana kuyenda pa lamya yanu, yesani kutsegula china nthawi yomweyo muli pamalo omwewo, kenako funsani mnzanu wa kampani yomweyo ndi wina wa kampani ina kuti kwa iwo zikuyenda bwanji. Ngati zonse zikukwawa kwa aliyense, mwina ndi mpanipani wa madzulo kapena magetsi azima ku antena. Koma ngati chikukana ndi chinthu chimodzi chokhachokha, kwa anthu a kampani imodzi, masiku angapo motsatizana, lembani tsiku ndi ola lake papepala, mugwirizane anthu angapo, ndipo mukadandaule kukampaniko. Ikapanda kuyankha, dandaulo lomwelo lipite ku INCM.